INJINI YACIWIRI YA PA BOTI

Nkhani iyi ikamba za anthu amene ali ndi maboti ang'ono oyenda ndi injini, makamaka asodzi ndi oolotsa anthu pa mtsinje wa Zambezi, kuyambira ku Chirundu kufikira ku Luangwa, pamodzi ndi anzao a pa nyanja ya Kariba. Ambiri a iwo ndi alimi omwe, ndipo boti limene ligwira nsomba ndi lomwelo linyamula matumba a cimanga, ndi kuthamangitsa wodwala ku cipatala usiku. Funso lace ndi ili: munthu akafuna kugula injini yaciwiri yomthandiza tsiku limene yaikuru yafa, asankhe yotani?

Kufa kwa injini pamadzi sikufanana ndi kufa kwa galimoto pa mseu. Galimoto ikafa iima pomwepo, mwini wace nakhala pamthunzi kudikira womkoka. Boti siliima. Pa Zambezi madzi alitenga ndi kutsika nalo, ndipo munthu amene injini yamfera pafupi ndi boma la Luangwa sacedwa kupezeka m'madzi a dziko la Mozambique, wopanda cikalata ciri conse, atadutsa pakati pa mvuu zimene sanathe kuzilambalala. Pa Kariba bvuto ndi lina. Khoma lotseka mtsinje linatha kumangidwa mu 1959, ndipo nyanja imene inabadwa pamenepo iri ndi utali wopitirira makilomita 200. M'mbali mwace mitengo imene inamizidwa ikali ciimire, ina yoonekera, ina yobisika pansi pa madzi. Mphepo ya mu August, September ndi October ikauka, boti lopanda injini litembenukira cammbali ku mafunde, ndipo apo ndi pamene madzi alowa.

Asanapite ku sitolo, mwini boti ayambe wadzifunsa cimene cimapha injini yaikuru. Kawiri-kawiri si cinthu cacikuru ai. Ndi madzi kapena zitsotso m'petulo, paipi ya mafuta yong'ambika, batire lakutha mphamvu, kapena pulopela imene yagunda mtengo. Tsono injini yaciwiri ikamwa petulo wa m'thanki imodzi-modzi ndi yaikuru, idwala nthenda yomweyo pa ola lomwelo. Ikakhala yolizira batire lomwelo, nayonso ikhala cete. Cifukwa cace iyenera kukhala yodziimira payokha: thanki yace-yace, paipi yace-yace, ndi cingwe cokoka ndi dzanja. Munthu wosamala amathira m'thanki yaing'onoyo petulo wogula tsiku lina kapena pa malo ena, atamsefa ndi nsaru yoyera, pakuti petulo wogula m'zigubu kumadooko sakhala woyera masiku onse.

Za mphamvu yace, anthu ambiri alakwa poganiza kuti yaciwiri ifanane ndi yoyamba. Nchito yace si kuthamanga, koma kufikitsa anthu kumtunda. Boti la mamita 5 kapena 6, likamayenda lokhazikika m'madzi osatukula mphuno, silipitirira kweni-kweni makilomita 10 pa ola, ndipo kufika pa liwiro limenelo sikulira mphamvu yambiri. Mphamvu ya injini iwerengedwa m'mahosipawa, ndiyo nambala ija yolembedwa pa cibvundikiro. Pa nyanja, injini ya mahosipawa 4 kufikira 6 ikwanira boti lotere. Pa mtsinje mpofunika kuonjezapo, cifukwa madzi oyenda amadya mbali ya liwirolo. Boti lolemedwa ndi katundu lifuna ya 8 kapena 10. Njira yodziwira zoona ndi kuyesa. Tsiku labata mwini boti akweze katundu wonga wa masiku onse, azime yaikuru, alize yaing'ono, nalozetse boti kumtunda kwa mtsinje akuyang'ana mtengo umodzi wa pagombe. Mtengowo ukapanda kutsalira m'mbuyo, injiniyo yacepa. Wogulitsa amene akana kuti injini yace iyesedwe motere asapatsidwe ndarama.

Kukula kuli ndi mtengo wace wina, ndiwo kulemera. Injini ya mahosipawa 5 ilemera makilogalamu 20 kufikira 28 monga mwa mtundu wace, ndipo ya 15 kawiri-kawiri ipitirira 35. Kunyamula makilogalamu 35 pa dooko ndi nkhani yaing'ono. Kuwanyamula munthu ali ciriri m'boti logwedezeka, mafunde akumenya, ndi kumene injini zambiri zagwera m'madzi, nthawi zina pamodzi ndi eni ace. Ngati thabwa la kumbuyo liri ndi malo, yaciwiri imangidwiretu pambali pa yaikuru, mwendo wace utatukulidwa, kuti pa ngozi ingotsitsidwa. Maboti ena a faiba ndi opapatiza kumbuyo kotero kuti injini ziwiri sizikwanapo. Pamenepo igonekedwe m'kati, yomangidwa bwino, mutu wace uli pamwamba kuposa mwendo, kuti madzi otsalira m'mwendo asabwerere m'kati mwa injini. Ndipo pali ponse iri, ikhale ndi cingwe colimba coimangirira ku boti.

Mwendo wa injini ndiwo uja utsikira m'madzi ndi kunyamula pulopela. Ulipo waufupi, wa mainchesi 15, ndi wautali, wa mainchesi 20. Mwini boti apime kucokera pamwamba pa thabwa pamene injini idzakhala kufikira pansi pa boti, napite ndi muyesowo pogula. Kacitsulo kopyapyala kamene kali pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo pang'ono. Mwendo ukafupika, funde liri lonse lotukula boti kumbuyo liturutsa pulopela m'madzi. Injini ilira kwambiri koma boti osayenda, ndipo pakusowa madzi oiziziritsa itentha. Pa Kariba munthu wokayika atenge wautali. Pa Zambezi, pamene pali micenga yambiri m'cirimwe, wautali ufuna maso, pakuti mcenga umadya impela, kampira kaja kopopa madzi oziziritsa injini.

Injini za petulo ziripo za mitundu iwiri. Zina zimwa petulo wosanganiza ndi oilo, zina ziri ndi malo a oilo pa okha monga galimoto. Zosanganiza ndi zopepuka, zosabvuta kukonza, ndipo amakanika a kumidzi azidziwa bwino. Zambiri zifuna muyeso umodzi wa oilo pa miyeso 50 ya petulo, ndiko kuti mamililita 400 pa cigubu ca malita 20, koma mwini wace atsate zolembedwa m'buku la injini yace. Zosasanganiza zimwa petulo pang'ono ndipo zicita utsi wocepa, koma zilemera, ndipo zikagonekedwa mbali yolakwika oilo alowa kumene sayenera, injini nikana kulira pa tsiku lomwe ifunika. Ngati yaikuru iri ya mtundu wina ndi yaing'ono ya mtundu wina, zigubu zilembedwe zizindikiro zooneka ndi usiku womwe. Petulo wopanda oilo akalowa m'injini yosanganiza, iuma ndi kugwirana m'kati pa kanthawi kocepa.

Dzina la injini lisankhidwe poyang'ana kumene zipangizo zace zipezeka. Maina onga Yamaha, Suzuki, Tohatsu ndi Mercury ndi odziwika, koma cofunika ndi kufunsa makanika wa pa dooko kuti ndi iti imene angapezere impela ndi pulagi sabata lomwelo. Injini yochipa imene kacitsulo kace kadikiridwa miyezi itatu ndi yodula kuposa zonse. Wogula yakale aione ikulira m'madzi, itayamba iri yozizira, asalole ija imene mwini wace waitenthetseratu. Ayang'ane kamtsinje ka madzi koturuka kumbuyo kwa mutu wa injini. Kakasowa, mwina impela yatha. Amasule kabauti ka pansi pa mwendo naone oilo wa m'magiya: akaturuka woyera ngati mkaka, madzi alowamo.

Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo mau awa agwira munthu wa injini ziwiri. Podalira yaing'ono aleka kusamala yaikuru, ndipo yaing'onoyo aiiwala pansi pa maukonde miyezi isanu ndi umodzi. Petulo wokhalitsa auma m'kabuleta nasiya zomata zimene zitseka timabowo tace, ndipo tsiku la tsoka munthu akoka cingwe kufikira manja acita matuza. Injini yaciwiri ilizidwe kamodzi pa sabata, mwendo uli m'madzi, pakuti kuiliza pouma kupsereza impela nthawi yomweyo. Bwino koposa ndi kuipatsa nchito yeni-yeni, monga kucoka nayo pa dooko kapena kuyenda nayo pochera maukonde. Ikati ikhale nthawi yaitali, atseke petulo ikali kulira, kuti imalize wotsala m'kabuleta.

Kathanki kamene kali pamutu pa injini zazing'ono zambiri kalowa lita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo pa liwiro lonse sikafika ola lathunthu. Wopita kutali anyamule thanki yapadera ya malita 12, nayendetse injini pa liwiro lapakati, pamene petulo akhalitsa. M'kacitini kotseka bwino musungidwe mapulagi awiri, sipanala yace, cingwe cina cokokera, ndi timisomali ta pulopela ngati injiniyo iri ya mtundu wothyola kamsomali ikagunda mtengo.

Nkhafi, nangula ndi majaketi oyandamitsa zisatsale kumudzi cifukwa kwabwera injini yaciwiri. Pa mtsinje yaikuru ikazima, coyamba ndi kuponya nangula ngati madzi ali osazama, kapena wina agwire nkhafi kuti mphuno ya boti ipenye kumene madzi acokera. Boti litakhazikika, ndipo anthu onse atakhala pansi, pamenepo woyendetsa atsitse yaing'ono, atsegule kamphepo ka pa citsekero ca thanki, aone kuti giya iri pakati, nakoke cingwe.