Mwana wa ku Machinga ndi Balaka Akafuna Kuyendetsa Ndege



Pa tsiku ngati lino zokambidwa zambiri zimakhala za kale: maulendo a makolo, mafumu amene anagona, magule ndi miyambo. Nkhani ino ikuloza kutsogolo, ngakhale mizu yake ili komweko kwa makolo. Ikunena za mwana wa sukulu, mmodzi mwa awo amene amavina manganje ndi beni pa zochitika ngati zino, amene akafunsidwa chimene akufuna kudzakhala amayankha kuti woyendetsa ndege. Ana otere alipo ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe, ku Utale ndi ku Phalula. Ambiri a iwo sanakwerepo ndege, ndipo ena ngakhale mpanda wa bwalo la Chileka sanauonepo. Akayankha chotero akuluakulu amaseka, ena n'kunena kuti mwanayo akulota dzuwa likuswa mtengo. Koma akapatsidwa mpata wofotokoza, zifukwa zake zimakhala zolemera. Iye anaonapo mayi wodwala akukankhidwa pa njinga m'matope kuchokera kufupi ndi nyanja ya Chiuta, chipatala chachikulu chili kutali ku Liwonde. Anaonapo mudzi utazingidwa ndi madzi. Ndipo kumadrasa kapena kutchalitchi anaphunzitsidwa kuti luso limene Mulungu wapatsa munthu ndi chosungitsa, ndipo mwini wake adzafunsa m'mene linathandizira ena.

Khumbo la mwana ameneyu silachilendo pakati pa anthu a kuno. Ayao anadziwika kalekale monga anthu a maulendo ataliatali, oyenda pansi miyezi yambiri kuchokera kuno kumtunda mpaka ku Kilwa m'mphepete mwa nyanja ya mchere, atasenza minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mchere. Mbiri imeneyo ili ndi mbali yake yowawa, ya malonda a akapolo, imene siyenera kubisidwa kwa ana. Komabe muli phunziro lina m'menemo. Mtsogoleri wa ulendo ankayenera kudziwa njira, madooko a mitsinje, malo opezeka madzi ndi nyengo yoyenera kunyamuka. Akalakwitsa chimodzi, otsatira ake ankathera m'tchire. Woyendetsa ndege wa lero wasenza udindo womwewo, kungoti iye amaweruza m'mphindi zochepa zimene mtsogoleri wakale ankaziganizira usiku wonse.

Ndege itafika m'dziko muno, anthu a m'midzi anaidziwa poyamba monga chonyamula amuna kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Agogo ambiri amene ali pano akukumbukira nthawi ya Wenela. Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela imene inanyamula anthu obwerera kwawo kuchokera ku migodi inagwa itangonyamuka pa bwalo la Francistown m'dziko la Botswana. Anthu 78 anafa, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi amene mabanja awo ankawayembekezera. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene anathiridwa m'ndegemo anali osakanikirana ndi mafuta a mtundu wina osayenera injini zake. Ngoziyo inachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo ntchitoyo inadzayambiranso mu 1977. Mwana wofuna za ndege aisunge nkhani imeneyi pamtima, chifukwa cholakwa chimene chinapha anthu onsewo chinachitika pansi, ndege isanauluke.

M'zaka zaposachedwapa anthu a ku Machinga ndi Balaka aona ndege ikugwira ntchito pakhomo pawo penipeni. Mu 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks, limene lakhala likuyang'anira nkhalango ya Liwonde kuyambira mu 2015, linasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina zoposa 250 zinapita ku Kasungu. Pa ntchito imeneyi helikopita imauluka m'munsi kwambiri, kukusa banja lonse la njovu kupita nalo poyera, dokotala wa nyama n'kumazilasa ndi mankhwala ogonetsa ali m'mwamba momwemo. Alimi a m'malire mwa nkhalangoyi, amene chimanga chawo chinkathera m'mimba mwa njovu, akudziwa phindu la luso lotere. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 600 ndi kugumula misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera, kunali madera amene chakudya ndi mankhwala sizikanafika popanda kudzera m'mwamba. Dziko linadalira thandizo la ndege ndi mahelikopita ochokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Anansi anachita bwino, ndipo ayamikidwe. Koma mwana amene anaona zimenezi n'kufunsa chifukwa chimene dziko lake lilibe ndege ndi akatswiri okwanira pa tsiku la tsoka, wafunsa funso la munthu wamkulu.

Amalawi oyendetsa ndege alipo, amuna ndi akazi omwe. Mayi Felistas Mkandawire ndiwo anali mkazi woyamba wa dziko lino kuyendetsa ndege, m'nthawi ya Air Malawi. Mayi Yolanda Kaunda anafika pa udindo wa kaputeni mu 2016, mkazi woyamba kutero, ndipo m'mwezi wa Malichi 2017 iwo pamodzi ndi mayi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege ya Malawian Airlines kupita ku Dar es Salaam pa ulendo umene ogwira ntchito onse m'ndegemo anali akazi. Mtsikana wa kwa Kalembo kapena kwa Nyambi akauzidwa kuti ntchito imeneyi ndi ya amuna, adziwe kuti womuuzayo watsalira.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kungakhale kumunamiza mwanayo kumuuza kuti njira yake ndi yosalala. Poyamba pafunika satifiketi ya MSCE yokhoza bwino masamu, fizikisi ndi Chingerezi, popeza Chingerezi ndicho chiyankhulo chimene oyendetsa ndege ndi owongolera ndege pa bwalo amalankhulana pa maulendo a pakati pa mayiko, ndipo munthu amayesedwa mayeso ake apadera. Pafunikanso thupi labwino: maso, makutu ndi mtima zimapimidwa ndi dokotala wovomerezeka, ndipo kupimako kumabwerezedwa moyo wonse wa ntchito. Kenaka pamabwera maola ouluka. Malamulo amene mayiko amatsatira amati chiphaso choyamba, choyendetsera ndege yaing'ono mosalandira malipiro, chimafuna maola pafupifupi 40 ali m'mwamba. Chiphaso cholembedwera ntchito chimafuna maola 200, kapena ocheperako pang'ono pa sukulu zina zovomerezeka. Chiphaso chapamwamba, chimene kaputeni wa ndege yaikulu yonyamula anthu amayenera kukhala nacho, chimafuna maola 1,500. Ola lililonse limalipiridwa, ndipo Amalawi ambiri akhala akukaphunzira kunja, ku South Africa, ku Kenya kapena ku Addis Ababa, kwawo kwa kampani ya Ethiopian Airlines imene ili ndi gawo la 49 pa 100 aliwonse mu kampani ya ndege ya dziko lino. Ndalama zake banja la mlimi wa nandolo ndi thonje silingazipeze ngakhale litagulitsa mbuzi zonse za m'khola.

Apa ndi pamene mwanayo afunika womuunikira, chifukwa zipata zilipo zingapo. Asilikali a dziko lino ali ndi nthambi ya ndege imene malo ake akulu ali ku Zomba, pafupi pomwepa, ndipo wachinyamata wokhoza bwino akhoza kulowera kumeneko. Pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi pali sukulu ya boma yophunzitsa ntchito za pa bwalo la ndege. Ndege imodzi kuti inyamuke pamakhala amakaniko, mainjiniya, owongolera ndege, ozimitsa moto, oona za nyengo ndi oyesa mafuta, ndipo nkhani ya ku Francistown ija ikuonetsa kulemera kwa ntchito yawo. Palinso chipata chatsopano. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu malo oyeserapo tindege touluka popanda munthu m'kati, totchedwa droni, ndipo mu Januwale 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Tindege timeneti tanyamulapo mankhwala ndi magazi okayezedwa pakati pa zipatala za ku Nsanje ndi Chikwawa. Kwa mwana amene cholinga chake n'chakuti mankhwala afike kwa wodwala wa kutsidya kwa mtsinje wodzaza, njira imeneyi ndi yaifupi ndi yotsika mtengo kuposa ina ija, ndipo si yonyozeka.

Tsono za chikhulupiriro. Maboma awiriwa ndi a anthu opemphera. Adhana wa mumzikiti ndi belu la tchalitchi zimamveka m'mudzi umodzi, ndipo si zachilendo kupeza banja limene mwana wina ndi Msilamu, wina Mkatolika. Palibe wonyamuka ulendo wautali osapempheredwa. Ichi ndi chuma chimene mwanayo ayenera kupita nacho. Koma pali chipembedzo china chaulesi chimene chimati zonse ndi Mulungu pamene munthu sanachite mbali yake, ndipo chimenecho m'ndege n'choopsa. Woyendetsa ndege amawerenga mndandanda wa zoyenera kuona asananyamuke, chimodzichimodzi, ngakhale atauwerengapo kambirimbiri. Makaniko amasaina dzina lake pokhapokha ntchito yachitikadi. Wogona tulo tosakwanira amanena kuti watopa. Ndipo pamene nyengo yaipa, woyendetsa ndege amayenera kukana kunyamuka kapena kubwerera, ngakhale amene wakhala kumbuyo kwake ali bwana wamkulu wofulumira. Kunena zoona pamene bodza likanapulumutsa ntchito, ndi kukhulupirika pamene palibe woona, ndizo zimene shehe ndi m'busa amaphunzitsa sabata ndi sabata. Mwana woleredwa bwino m'zimenezi wayamba kale maphunziro a ndege asanaione.

Dziko lino likudziwa kuwawa kwa ulendo wosafika. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, anamwalira pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Mmodzi mwa iwo anali mayi Patricia Shanil Dzimbiri, amene anakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo wa kuno ku Balaka. Mizimu yawo iuse mumtendere. Makolo ena atamva za ngoziyo analetsa ana awo kutchulanso za ndege, ndipo mantha awo ndi omveka. Koma ndege zipitirira kuuluka pamwamba pa dziko lino, ndipo chofunika n'chakuti amene aziyendetsa, kuzikonza ndi kuziwongolera akhale ophunzira mokwanira ndi a chikumbumtima.

Chimene chimapha khumbo la mwana wa kuno nthawi zambiri si mtengo wa sukulu ya ndege, popeza ambiri safika n'komwe poti n'kuufunsa. Limafera ku pulayimale ndi ku sekondale. Mnyamata akatuluka ku ndagala amauzidwa kuti wakula, ndipo posakhalitsa maso ake amakhala pa basi ya ku Joni, kumene anzake amabwerako ndi njinga yamoto ndi foni yaikulu. Mtsikana akatuluka ku nsondo ena amayamba kumuwerengera mwamuna, chonsecho lamulo lalikulu la dziko, chisinthireni mu 2017, limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Amene apirira amakapezeka pa sukulu yoyendera yopanda chipinda choyeseramo za sayansi, fizikisi n'kumaiphunzira pa bolodi pokha. M'mera mpoyamba. Mafumu amene analamula kuti zinamwali zizichitika pa tchuthi chokha, ndi amene amathetsa maukwati a ana, achita kale mbali yaikulu, ndipo anankungwi ndi angaliba ali ndi mphamvu yoposa ya mphunzitsi aliyense pa zimene mwana amamva za tanthauzo la kukula.

Pempho kwa gulu losunga chikhalidwe ndi laling'ono poyerekeza ndi ndalama zimene zimasonkhedwa pokonza mwambo ngati uno. Gawo lina la zoperekazo lipatulidwe kuti lizilipirira fizi ya ana okhoza bwino masamu ndi sayansi m'maboma awiriwa, atsikana ndi anyamata mofanana. Ana a kuno amene ali pa ntchito ku Chileka, ku Lumbadzi ndi ku Zomba aitanidwe kudzalankhula m'sukulu za kwawo, atavala yunifolomu zawo. Ndipo kamodzi pa chaka papezeke basi yonyamula ophunzira a Fomu 2 ndi Fomu 3 kupita nawo ku Chileka, akaone ndege ikutera, akalankhule ndi makaniko ndi wowongolera ndege, akafunse okha maphunziro amene anthuwo anadutsamo. Kuchokera pa Liwonde kapena pa Balaka, ulendo umenewu ndi wopita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe.