Kufufuza Maina a Makolo



Ayuda ndi anthu osunga maina a makolo ao. Mateyo Woyera ayamba Mthenga wake ndi mibadwo ya Yesu kuchokera kwa Abrahamu. Ayuda 6 miliyoni ataphedwa ku Ulaya m'masiku a Hitler, dziko la Israel linakhazikitsa Yad Vashem ku Jerusalem mu 1953, kumene abale otsala amalembetsa dzina la womwalira, makolo ake ndi kwao.

Mwana amatenga Uyuda kwa mai wake. Naonso Ayao, Amakua ndi Anyanja amatsata kuchikazi. Koma kuno mbiri ya banja inkakhala pakamwa pa agogo ndi atsibweni, ndipo nkhalamba ikafa, maina amapita nayo kumanda.

Ansembe a Consolata anafika ku Mandimba mu 1926, ndipo Bambo Pietro Calandri anatsegula mishoni ya Massangulo, ku Ngauma, mu 1928. M'mabuku a ubatizo mumalembedwa dzina la wobatizidwa, makolo ake ndi mudzi wake. Koma nkhondo imene inatha mu 1992 inabalalitsa mabanja. Ambiri anathawira ku Malawi, ndipo ana obadwira uko analembedwa m'maparishi a komweko.

Tsono wofufuza ayambe wakhala pansi ndi okalamba, pambuyo pake apite kwa bambo mfumu. Akumbukire kuti m'makalata a Apwitikizi Cuamba ndi Nova Freixo, Lichinga ndi Vila Cabral, ndi kuti dzina limodzi linkalembedwa mosiyana mbali ziwiri za malire. Agogo amene alipo lero afunsidwe lero, pakuti mawa sadziwika.