MALASHA NDI NSOMBA ZA MU MTSINJE WA FORDING

Anthu a ku Migodi sanaiwale za pa 18 February 2025, tsiku limene damu losungamo zonyansa za mgodi wa mkuwa linagumuka ku Chambishi. Madzi a asidi anatsikira mu Mwambashi nalowa mu Kafue, ndipo nsomba zakufa zinayandama, aliyense naziona ndi maso. Koma kulinso imfa ina ya nsomba imene siioneka msanga cotere. Nkhani ya lero iri ya imfa imeneyo, ndipo icokera ku migodi ya malasha ya ku Canada.

M'cigawo ca British Columbia muli cigwa ca mtsinje wa Elk, m'mene muli migodi inai ya malasha opangira citsulo. Kumeneko salowa pansi monga ku Mufulira, koma aphwanya phiri kuyambira pamwamba, ndipo miyala yopanda nchito aiunjika milu-milu m'zigwa. M'miyalamo muli mankhwala ochedwa selenium. Pamene mwala unali wathunthu m'kati mwa phiri, mankhwalawa anali cigonere. Koma ukaphwanyidwa, mpweya ndi mvula zimautulutsa mankhwala aja, madzi nawatengera ku mitsinje.

Umodzi wa mitsinjeyo ndi Fording, umene umathira mu Elk. M'menemo mukhala nsomba yochedwa westslope cutthroat trout, ya mzera wofiira kunsi kwa cibwano, imene yatha kale m'mitsinje yambiri ya makolo ace. Madzi a Fording amaoneka oyera ndithu, pakuti selenium alibe mtundu. Iye amayamba kulowa mu ndere. Tizirombo ta m'madzi tidya nderezo, nsomba nizidya tizirombo. Nsomba yaikazi ingaoneke yonenepa bwino, koma poizoni yaunjikana m'mazira ace. Mazira ena saswa konse, ndipo ena aswa tiana tokhota msana, tosatha kukula.

Palinso bvuto laciwiri. Nsombayi imakumba cisa m'timiyala ta pansi pa mtsinje, niikira mazira m'menemo. Tsono madzi ocokera ku milu ija amasiya njereza imene imata timiyalato monga simenti, nsomba nilephera kukumba.

Pakati pa 2017 ndi 2019, nsomba zazikulu za kumtunda kwa Fording zinacepa ndi 93 pa 100 iriyonse. Akatswiri amene kampani ya Teck, mwini migodiyo pa nthawiyo, inawatuma kukafufuza, anati cinapha nsomba ndi cisanu coopsya cimene cinaumitsa madzi, pamodzi ndi kucepa kwa maiwe akuya othawiramo, popeza nchito za migodi zinali zitasintha mtsinje. Mu March 2021 khoti linalipitsa kampaniyo madola a ku Canada 60 miliyoni cifukwa cothira selenium ndi njereza m'madzi m'caka ca 2012.

Kampani inamanga nyumba zosefera madzi, niononga ndalama zambiri pa nchitoyo. Koma milu ya miyala siicoka. Idzapitirira kukha poizoni zaka zambiri mgodi utatsekedwa. Madziwo amaolokanso malire kulowa m'dziko la America, kotero kuti mu 2024 maboma awiriwo, pamodzi ndi mtundu wa Ktunaxa, eni dziko akale, anagwirizana kufufuza mlanduwo.

Apa ndi pamene pali cothetsa nzeru. Mu 2020 kampani inapempha kukulitsa mgodi wa Fording mpaka ku phiri la Castle, kuti nchito isathe. Pempho lotere siliri lopusa, pakuti mabanja zikwi adya za m'migodiyo, ndipo wa pa mgodi aliyense adziwa cimene cimagwera mudzi mgodi ukatsekedwa. Koma phiri latsopano ndilo milu yatsopano, ndi timitsinje tina tokwiririka. Ku Alberta, cigawo coyandikana naco, akulu a Boma anakana mgodi wa Grassy Mountain mu 2021, ndipo cimodzi ca zifukwa zao cinali nsomba yomweyi.

Zambia nayenso ali ndi malasha ku Maamba, pafupi ndi nyanja ya Kariba imene idyetsa asodzi ambiri. Pamene mgodi uli wonse ufuna kukula, nkoyenera kuti anchito, mafumu ndi anthu a m'matauni afunse phiri lisanaphwanyidwe: Kodi miyala yotsala idzaunjikidwa kuti? Madzi ace adzatsikira mu mtsinje uti? Nanga adzawasefa ndani kampani itapita? Akale anati madzi akatayika saoleka.