Wailesi ya Kanema ndi Chenjezo la Napolo



Ndiyambire mu 1991. Pa 10 Malichi chaka chimenecho napolo anatsika m'phiri la Michesi nakokolola nyumba, milatho ndi anthu mazanamazana. Ine ndinali kupulayimale. Kunalibe wotichenjeza. Dziko lonse linali ndi nyumba youlutsira mawu imodzi yokha, MBC, ndipo wailesi ya kanema inadzayamba mu 1999. Ngozi ija ndiyo inachititsa Boma kukhazikitsa, chaka chomwecho, lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene linabala nthambi ya DoDMA.

Pamene namondwe wa Freddy ankabwera mu Malichi 2023, zinthu zinali zitasintha. A zanyengo analengeza kudakali masiku, pa wailesi, pa kanema ndi pa mafoni. Ine ndinaona mapu a njira yake ndili pampando ku Lilongwe. Koma mayi anga aang'ono kumudzi anamva kwa mnyamata wa kabaza, mvula itayamba kale. Zimene zinaoneka kwa Nkhulambe nonse mukuzidziwa.

Monga wogwira ntchito m'Boma, sindinganene kuti palibe chachitika. Madikoda a Kiliye Kiliye anabwera, ndipo MAREP yafikitsa magetsi m'misika yambiri ya kumidzi. Kanema ndi wabwino ndithu: munthu wokanika kusamuka akaona ndi maso ake madzi atamiza mlatho, mtima umafewa. Vuto n'lakuti kanema amadya magetsi, ndipo mkuntho ukafika magetsi ndiwo amayamba kuthawa. Dikoda m'nyumba yamdima ili ngati khasu lopanda mpini. Ndiye ine ndimati thandizo la kanema lizibwera pamodzi ndi sola, ndipo kawailesi ka mabatire tisakanyoze.

Pempho langa ndi ili. Madzi akasefukira, anthu amathawira m'sukulu ngati yathu ino. Tiyeni tisonkhe ndalama tigule kanema wa sola woika mu holo, mawailesi angapo ndi chimkuzamawu chimodzi. Ana akamva chenjezo kuno masana, madzulo lafika kwa makolo awo. Mvula isanayambe mu Novembala zikhale zitafika.

Ine ndayamba kale kulembetsa. Kope lili ndi a msungichuma pakhomo paja.