N'chifukwa chiyani munda wina umakokoloka msanga?

Mvula ndi imodzi, mtsetse ndi umodzi, koma munda wa uyu wang'ambika zigwembe, wa mnzake uli bwinobwino. Nkhani yagona pa dothi lenilenilo.

Mu 1978 akatswiri a ku America, Wischmeier ndi Smith, anatulutsa buku lowerengera nthaka imene madzi amakokolola. M'menemo muli nambala yotchedwa K, yosonyeza kufooka kwa dothi. Amaona kukula kwa timibulu take, kuchuluka kwa zowolerana, mmene limagwiranirana, ndiponso mmene madzi amalowera pansi. Lofookeratu si mchenga, iyayi, koma lija losalala ngati ufa woyera.

Komatu iwo anayesera pa dothi lakwawo. Katondo ngati wa kuno ku Angónia kawirikawiri amagwirana kuposa mmene nambalayo inganenere. Ndiye ine ndimati yesaninso nokha. Tengani chibuma chouma, muchiike pang'onopang'ono m'mbale ya madzi. Chikangophwasuka nthawi yomweyo, madzi n'kuda, m'munda umenewo musatenthenso mapesi. Akwirireni, thirani manyowa, mizere ipingase mtsetse.