Visa yolowetsa bambo, kodi ilowetsanso mai ndi ana?

Awa ndi mau amene adalankhulidwa pamsonkhano wa mabanja ofuna kusamukira maiko akunja.



Ena mwa inu mudatuluka m'dziko muno usiku, kudzera m'tchire, opanda pepala lililonse, ndale zitavuta mu 1964 ndi zaka zotsatira. Lero ndime 39 ya malamulo aakulu a dziko lino a 1994 imapatsa munthu aliyense ufulu wotuluka m'Malawi ndi kubwereranso. Koma ufulu umenewu umathera pachipata chathu. Kuti mulowe kwa eni ake pafunika visa, ndipo funso limene banja liyenera kuyamba kufunsa ndi ili: kodi visa imeneyi ikuloleza anthu angati?

Agogo athu a Wenela ndi Teba ankapita ku Joni ndi mapepala okwanira, koma kontirakiti inali ya mwamuna yekha. Mkazi ndi ana ankatsala kumudzi, ndipo ndi mmene tidapezera matchona. Visa zambiri za masiku ano zili chimodzimodzi.

Choyamba tigwirizane za mau akuti banja. Kwathu kuno banja ndi mbumba yonse: ana a mlongo wanu amene mukulera, mai anu okalamba, mphwanu amene mukumlipirira sukulu. Kwa akuluakulu oona za olowa ndi otuluka ku Britain, banja la wantchito ndi mkazi kapena mwamuna mmodzi, ndi ana osakwana zaka 18. Wamitala sangatenge akazi onse awiri. Mwana wamasiye amene mwamlera kuyambira ali kumsana sawerengedwa ngati wanu pokhapokha khoti lidakupatsani mwalamulo. Ukwati wa chinkhoswe ndi ukwati ndithu pa lamulo lathu la 2015, koma ankhoswe sakalankhula ku ofesi ya kazembe. Kumeneko amafuna umboni wolembedwa.

Tiyambe ndi South Africa, kumene ambiri a ife timalowera. Mmalawi amalowako popanda visa, nkupatsidwa masiku 30 ocheza. Masiku amenewa salola munthu kugwira ntchito. Malinga ndi malamulo amene adayamba mu 2014, wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapyola ndi masiku oposa 30 chiletso chimakhala cha zaka 5. Komanso mlendo wocheza saloledwa kusintha visa yake ali konko, kupatula ochepa monga amene adakwatirana ndi nzika. Pempho la visa ya ntchito limaperekedwa kuno ku Lilongwe musananyamuke. Anzathu a ku Zimbabwe adapatsidwa zilolezo zapadera kuyambira 2009, a ku Lesotho nawonso adapatsidwa zawo. Amalawi sadapatsidwepo, kotero wokugulitsani chilolezo chotero akukunamizani.

Njira zoona zilipo. Pali visa ya ntchito wamba ndi visa ya anthu a luso losowa, ndipo kuyambira Okutobala 2024 amawerengera mapointi poona maphunziro, malipiro ndi zaka zimene mwagwira ntchito. Masatifiketi anu amayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA. Mkazi ndi ana amaperekeza pa visa zawozawo: mai saloledwa kugwira ntchito pa visa yoperekeza, ndipo mwana wa sukulu amafunika visa ya maphunziro. Mukagwira ntchito zaka 5 pa visa yovomerezeka mungapemphe chilolezo chokhazikika. Pali visa ya achibale, koma wachibaleyo ayenera kukhala nzika kapena wokhazikika mwalamulo, imatha pa zaka ziwiri, ndipo siloleza ntchito.

Tsono ku Britain, kumene khomo lakhala likuchepa chaka ndi chaka. Kuyambira Januwale 2024 wophunzira sangatenge banja, kupatula ochita maphunziro a kafukufuku monga PhD ndi olipiriridwa ndi boma. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 osamalira okalamba ndi odwala adaletsedwa kutenga mkazi ndi ana, ndipo pa 22 Julaye 2025 boma lidatsekeratu kulemba antchito amenewa kuchokera kunja. Amene akukutchulirani ndalama kuti akupezereni ntchito yosamalira okalamba ku Britain akugulitsa katundu amene kulibe.

Visa ya Skilled Worker imalola banja, ngati ntchitoyo ndi ya msinkhu wa digiri ndipo bwana ali ndi chilolezo cholemba anthu akunja. Mu Julaye 2025 malipiro ochepetsetsa a ntchito zambiri adawaika pa mapaundi 41,700 pachaka. Pamwamba pa mtengo wa visa pali msonkho wa chipatala, umene mu 2024 adauika pa mapaundi 1,035 pachaka kwa wamkulu ndi 776 kwa mwana. Bambo, mai ndi ana awiri pa visa ya zaka zitatu alipira mapaundi 10,866 asanagule ngakhale tikiti ya ndege. Walira mvula walira matope. Madokotala ndi anamwino salipira msonkho umenewu ndipo amatenga mabanja awo, koma popeza Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa maiko operewera antchito a zaumoyo, mabungwe a ku Britain saloledwa kudzawakopa kuno. Namwino amafunsira yekha. Ngati mwamuna kapena mkazi wanu ndi nzika ya Britain kapena wokhazikika, angakuitaneni, koma kuyambira Epulo 2024 ayenera kuonetsa kuti amalandira mapaundi 29,000 pachaka, pamene kale anali 18,600. Aliyense wopita kukakhalitsa amayezedwanso TB asananyamuke.

Za America ndinena mwachidule. Mayere a Green Card, amene adakhazikitsidwa ndi lamulo la 1990, ankatenga wopambana pamodzi ndi mkazi ndi ana osakwatira osakwana zaka 21. Koma mu Ogasiti 2025 boma la America lidayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa Amalawi ndi a ku Zambia opita kokacheza, ndipo mu Disembala 2025 lidaika Malawi pa mndandanda wa maiko amene lidaimitsa visa zawo zosamukira, zocheza ndi za maphunziro. Musapereke khobidi kwa wina aliyense musanafunse ku ofesi ya kazembe wao ku Lilongwe.

Mwaona nokha kuti malamulo amenewa amasintha msanga. Zimene adakuuzani mlamu wanu amene adapita mu 2022 mwina zidatha kale ntchito. Safunsa adadya phula, koma funsani eni lamulo, osati a dobadoba.

Pamene mukudikira, konzani zimene zili m'manja mwanu. Tengani zikalata za kubadwa za ana ku National Registration Bureau. Lembetsani ukwati wanu. Onetsetsani kuti maina ndi masiku obadwa akufanana pa mapepala onse, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimachedwetsa pempho la banja lonse. Ngati mwana akupita ndi kholo limodzi, lotsalalo livomere polemba. Ndipo musaname pa fomu: ku Britain bodza limadzetsa chiletso cha zaka 10.

Inu amene mudakhala kunja zaka zambiri osaona ana anu akukula mukudziwa mtengo wa kupatukana kuposa ine. Inu simudasankhe. Achinyamata awa ali ndi mpata wosankha, ndipo kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, wotenga unzika wa kwina sataya wa kwao. Ngati visa ili ya munthu mmodzi, banja likhale pansi ligwirizane kuti wopitayo akhala zaka zingati, ndipo otsala adzamtsata pa njira iti. Akanyamuka yankho limeneli lisanapezeke, tidzakhala tikulera matchona ena.