Mwana Akawengedwa ndi Chakudya

M'midzi yozungulira Magomero, m'boma la Chiradzulu, mtedza, nandolo, mazira ndi usipa ndizo zakudya zimene mabanja amadalira polera ana, popeza nyama imaoneka mwa kamodzikamodzi. Alangizi a zaumoyo amakumbutsa amayi kusikelo kuti phala la mgaiwa wokha silikwanira, liyenera kuthiridwa nsinjiro. Koma mwana akangotuluka zidzolo, achibale amafulumira kunena kuti chakudya chamuwenga, ndipo tsiku lomwelo nsinjiro, dzira ndi nsomba zimachotsedwa m'mbale mwake. Kawirikawiri chigamulo chotere chimakhala cholakwika, ndipo wovutika ndi mwanayo.

Kuwengedwa kwenikweni kumachitika motere. Thupi lili ndi chitetezo cholimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa ana ena chitetezochi chimasokonezeka nkuyamba kulimbana ndi chakudya chabwinobwino ngati mdani. Pamenepo thupi limatulutsa mankhwala otchedwa histamine, amene amatupitsa khungu ndi kuliyabwitsa. Patangopita mphindi zochepa mwana atadya, kapena maola 2 asanathe, pakhungu pamatuluka ziwengo zotupa, zoyabwa ngati wakhudza chitedze. Milomo kapena zikope zimatha kutupa, ndipo ena amasanza. Chizindikiro chachikulu ndi chakuti zimenezi zimabwereranso nthawi iliyonse mwana akadya chakudya chomwecho. Zakudya zimene zimawenga ana kwambiri ndi mkaka wa ng'ombe, mazira, mtedza, soya, tirigu ndi nsomba.

Zidzolo zambiri sizichokera ku chakudya. Mphere zimagwira m'mipata ya zala, zimayabwa kwambiri usiku, ndipo zimafalikira kwa ena m'nyumba. Zipere zimakhala zozungulira. Chikuku chimadza ndi kutentha thupi, chifuwa ndi kufiira maso. Mwana amene khungu likusupuka, mapazi atatupa ndipo tsitsi lafiira, akudwala chifukwa chosowa zakudya zomanga thupi. Kummana dzira ndi nsinjiro ndiko kumuonjezera matenda.

Ziwengo zikatuluka mwana akudya, kholo limsiyitse chakudyacho, limsambitse kukamwa ndi m'manja ndi madzi oyera, ndipo liike kansalu konyowa ndi madzi ozizira pamene pakuyabwa. Zikhadabo ziwengedwe kuti mwana asadzikande mpaka zilonda. Phulusa, zitsamba ndi mankhwala opaka ogulidwa pamsika zisapakidwe pakhungu lotere. Mankhwala ochepetsa kuyabwa monga Piriton ndi calamine amathandiza, koma mlingo wake auneneretu a chipatala, chifukwa umatsata msinkhu wa mwana. Popita kuchipatala kholo litenge buku la mwana, ndipo likumbukire chimene anadya ndi nthawi imene ziwengo zinayamba.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Mwana akamapuma movutika kapena molira m'chifuwa, mawu akasasa, lilime likatupa, akamasanza mobwerezabwereza kapena kulefuka, moyo wake uli pachiswe. Piriton sangampulumutse. Afunika jakisoni wa adrenaline msanga, choncho athamangire naye ku chipatala chapafupi, usana kapena usiku. Kukafunika, a kumeneko adzamtumiza ku chipatala cha boma cha Chiradzulu kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

A chipatala akatsimikiza chakudya chimene chikumuwenga, chichotsedwe chokhacho, ndipo m'malo mwake mulowe china chomanga thupi. Wowengedwa ndi mtedza angathe kudya usipa wosinja kapena dzira. Wowengedwa ndi dzira adye nyemba, nandolo ndi nsinjiro. Agogo, olera ana ku sukulu ya mkombaphala ndi aphunzitsi auzidwe onse. Likuni Phala muli soya, ndipo chiponde chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala chimapangidwa ndi mtedza ndi mkaka waufa. Kholo linene msanga mwana asanapatsidwe. Ana ambiri amasiya kuwengedwa ndi mkaka ndi mazira akamakula, pamene mtedza ndi nsomba zimakonda kukhalitsa. Kuyesanso chakudya chotere kuchitike mwa uphungu wa dokotala, osati kunyumba mongoganizira.

Mabanja ena amachedwetsa mtedza poganiza kuti akuteteza khanda. Kafukufuku amene anachitika ku London pa ana 640, motsogozedwa ndi Pulofesa Gideon Lack, anaonetsa zosiyana ndi ganizoli pamene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Onsewo anali makanda okhala ndi vuto la khungu kapena owengedwa ndi dzira. Pofika zaka 5, mwa ana 100 aliwonse amene anamanidwa mtedza, pafupifupi 17 anali owengedwa nawo. Mwa amene anayamba kuudya ali makhanda, anali 3 okha.

Motero mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, kenaka phala lake lithiridwe nsinjiro zosinja bwino, osati mtedza wathunthu umene ungamtsamwe. Zakudya zatsopano zilowe chimodzichimodzi, kuti chimene chamuwenga chidziwike. Khanda limene lili kale ndi vuto lalikulu la khungu liyambe laonedwa kuchipatala lisanalawe mtedza.